Dailesi ndi Petulo Wokhalitsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi chaka chimene Dailesi anatsika minibasi pamsewu wa ku Palabana, chikwama cha pulasitiki pamutu, nsapato zake m'manja kuopa fumbi. Anali mwana wa amai aakulu, mkulu wawo wa amai anga, amene tinali titangowaika m'manda ku Katete nyengo yozizira ija. Mwa chibale chathu anali mkulu wanga ndithu, ngakhale kuti anandiposa ndi chaka chimodzi chokha. Amai anandituma kukamuchingamira. Ndinamulandira chikwama monga ndinaphunzitsidwira, ndipo njira yonse ndinkamuyang'ana cham'mbali, ndikudabwa kuti munthu woyenda ulendo wautali chotero angafike bwanji kolala ya diresi lake ikali yoyera.

Kwathu kunali pafupi ndi damu. Atate anachoka kummawa ali mnyamata, ndipo kuno ku Chongwe anapeza malo okwana dimba la tomato ndi repu, ndi khola la ng'ombe ziwiri zamkaka. M'mawa uliwonse ankamangirira chigubu cha mkaka panjinga nkupalasa kukapereka, akabwerako nkuliza kapampu kawo kothirira dimba. Mpaka nthawi imeneyo ndinali mtsikana ndekha m'nyumba, pakati pa alongo anga aang'ono awiri, ndipo zonse za utsikana zinali zanga: bedi la pakona, kalilole wothetheka m'mphepete, malo a pambali pa amai kutchalitchi. Dailesi atafika, zonsezi zinagawika pakati.

Kugawana bedi sikunandipweteke kwenikweni. Chimene chinkandilasa chinali mawu a amai. Amai anga anali akuthwa pakamwa, moti ndikaiwala kutsuka chigubu cha mkaka ngakhale oyenda pamsewu ankamva. Koma akatembenukira kwa Dailesi mawu awo ankafewa ngati akulankhula ndi wodwala. "Dailesi mwana wanga, ukalema upumule." Tsiku lina anaswa mbale ya alendo imene amai ankaisunga pamwamba pa kabati. Ine ndinaima pakhomo kudikira chimphepo. Amai anangowerama, kutola zidutswa, nkunena kuti mbale ndi za pansi pano. Ndinatuluka panja ndikudziwa bwino lomwe zimene zikanandigwera ine ndikanaiswa mbaleyo.

Zaka zimenezo anthu a ntchito za boma a ku Lusaka anali atayamba kugula mapuloti kwathu kuja. Tsidya la damu kunamangidwa nyumba ya malata obiriwira, ya Ba Mulenga. Anali munthu wamtali, woseka mosabisa, amene ankabwera Loweruka ndi mkazi wake ndi mwana wawo mmodzi yekha, Natasha, wa msinkhu wathu. Mwezi wa Sepitembala anabwera akukoka ngolo kumbuyo kwa galimoto, ndipo pangolopo panali chinthu chimene palibe aliyense wa ife anali atachionapo: chonga njinga yamoto yopanda matayala, choyera ndi mizere yofiira, chokandika m'mbali chifukwa anachigula kwa wina chitatumikira kale. Natasha ankachitcha jetisiki. Ife ana a kumadimba tinachitcha thuthuthu ya pamadzi, ndipo dzinalo linakhazikika.

Tsiku loyamba limene inalowa m'damu, ntchito zonse zinaima. Inkang'amba madzi pakati, nkusiya mchira woyera kumbuyo, ndi kautsi kabuluu konunkha ngati ka pampu ya atate. Abakha a m'madzi anathawira kubango. Ine ndinaima m'matope mpaka m'mawondo, pakamwa yasa, ndipo ndinadziwa kuti palibe china padziko chimene ndinkachifuna kuposa kukhala pampando umene uja. Ndinali ndi chifukwa chodziona woyenera. Pa atsikana onse a kwathu ndine ndekha amene ndinkasambira mpaka pakati pa damu. Ndinaphunzira mobisa ndi anyamata oweta ng'ombe, ndipo amai anandithyolera shamu kangapo chifukwa cha zimenezo.

Panali majaketi awiri aang'ono oyandamitsa munthu pamadzi, a mtundu wa lalanje. Lina linali la Natasha. Linalo linali la mnzake amene angamusankhe.

Sabata yotsatira Ba na Natasha, mkazi wa Ba Mulenga uja, anabwera kwathu kudzagula mkaka. Anapeza ine ndili pamwamba pa mtengo wa mango, mawondo otuwa, ndikukangana ndi alongo anga. Dailesi ndiye anatuluka, nkugwada, nkuwalandira botolo ndi manja awiri.

"Aka kamwana ka ulemu," anatero Ba na Natasha, nkumulonjera m'chiyankhulo cha kwawo. "Uli shani, mami? Loweluka ubwele uzasewele na Natasha, alibe munzake kuno."

Ndinatsika mumtengo mwachangu, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo sanali anga.

Kuyambira pamenepo Loweruka linasanduka tsiku lowawa. Ndinkaona Dailesi akuzungulira damu ndi diresi lake la kutchalitchi, kenaka nkumuona patali atavala jaketi la lalanje lija, atakhala kumbuyo kwa Natasha, Ba Mulenga ali kutsogolo. Ndinkamva Natasha akukuwa mokondwa mpaka tsidya lino. Madzulo Dailesi ankabwera tsitsi lili lonyowa, akununkhira sopo wa kwa eni ake, nthawi zina ali ndi bisiketi m'thumba. Ankandigawira theka. Ndinkalandira, chifukwa bisiketi ilibe mlandu, koma ndinkaidya nditamufulatira.

"Yumveka bwanji ukakwelapo?" ndinamufunsa tsiku lina, nditalephera kupirira.

"Ithamanga chabe," anayankha, nkupitiriza kupinda zovala.

Yankho limeneli linandiwawa kuposa kudzitama. Ndinaganiza kuti wazolowera kale zabwino mpaka sakuzionanso. Ine amene ndikanafotokoza funde lililonse ndinali kumtunda, iye amene analibe nazo mawu ndiye anali pamadzi.

Mwezi wa Okutobala dzuwa linakula, damu linaphwa, zitsa ndi miyala zinayamba kuonekera. Ba Mulenga anaikokera thuthuthu m'kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yawo. Mvula itayamba, kanjira kotsikira kudamu kanasanduka phala, ngolo sikanatha kudutsa. Ndinapuma. Koma Dailesi ankapitabe kwa Natasha akabwera, ndipo cha m'ma Febuluwale ndinamva amai akuuza atate kuti Ba na Natasha apempha kumutenga akakhale nawo ku Lusaka, azikathandiza pang'ono m'nyumba ndi kuphunzira sukulu ya kumeneko. Atate anati aganizire kaye. Ine ndinali ndisanafikepo ku Lusaka kupatula tsiku limene anandipititsa kukazula dzino. Ndinapita kukhola, nkukhala pafupi ndi ng'ombe nthawi yaitali, ndikuwerengera mumtima zonse zimene munthu mmodzi angalandire pamene mnzake akungoyang'ana.

Pofika Isitala mvula inali italeka, ndipo damu linali lodzaza kuposa mmene ndinaliwonera kale. Kumapeto kwa chipupa chake kunali malo a simenti otayira madzi akachuluka, ndipo pansi pake panali miyala ikuluikulu. Tinkapatcha pamathithi. Chaka chimenecho madzi ankasefukira pamenepo usana ndi usiku, phokoso lake nkumamveka mpaka kunyumba.

Lolemba la Isitala amai anandituma kukapereka mkaka kwa Ba na Natasha. Ndinapeza thuthuthu ili kale pangolo, Natasha akudumphadumpha, Dailesi ataima pambali manja atawapinda. Ba Mulenga anatulutsa m'shedi chigubu chofiira cha pulasitiki, chokhala ndi petulo wofika pakati. Injini ya thuthuthuyo inali ngati ya pampu yathu, yofuna petulo wosakaniza ndi oyilo, ndipo ameneyu anali wotsala wa mu Okutobala muja. Anali atagona m'kashedi kotentha chilimwe chonse ndi dzinja lonse. Ba Mulenga atatsegula chivindikiro ananunkhiza, nkukwinya nkhope. Ngakhale ine ndinalimva fungolo pamene ndinaima. Silinali lakuthwa ngati la petulo amene ndinkamudziwa. Linali lowawasa, ngati la vanishi wa akalipentala.

"Uyu petulo wankhalitsa," anatero. "Afunika watsopano."

"Dadi, ku filing'i sitesheni ni kutali," anadandaula Natasha. "Mukapita muzabwela dzuwa yalowa. Mailo m'mawa tibwelela ku tauni."

Ba Mulenga anayang'ana chigubu, anayang'ana damu lowala, anayang'ananso mwana wake. Anachigwedeza chigubucho kuti oyilo asakanikirane.

"Tiyese chabe kamodzi, pafupi pafupi," anatero, nkuthira m'thanki. Petuloyo ankatuluka wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Palibe amene anandiuza kuti ndikhale, ndipo sindinafune kuima m'gulu la ana oonerera pamene Dailesi akumangidwa malamba a jaketi. Ndinazungulira ndekha, nkukwera pachipupa cha damu, kutali ndi aliyense, nkukhala pa udzu nditakumbatira mawondo. Ndinadziuza kuti sindiyang'ana, koma ndinayang'ana.

Injini inavuta kulira. Inatsokomola, kuzima, kutsokomolanso, kenaka inagwira ndi utsi wambiri. Ananyamuka. Anazungulira kamodzi cha m'mphepete, ndipo poona kuti ikuyenda, Ba Mulenga analunjika pakati. Ali kumeneko kulira kwa injini kunasintha, kunakhala kodukaduka ngati munthu wotsamwa, kenaka zii. Phokoso lokha limene linatsala linali la pamathithi.

Ana a kutsidya anaseka. Inenso pakamwa panga panayamba kumasuka, ndipo ndinati mumtima, lero abwerako akupalasa ndi manja. Ba Mulenga ankayesa kuliza, injini nkumangolira kuti khrr, khrr, osagwira. Koma ine ndinali pamwamba, ndipo ndinkaona chimene a kutsidya sankachiona. Thuthuthu ija sinaime malo amodzi. Inkatembenuka pang'onopang'ono, ikutsata njira imene zinyalala ndi masamba zinkatsata, kulunjika kumene madzi ankagwera. Kamphepo nakonso kankaikankhira komweko.

Itayandikira chipupa ndinaona nkhope zawo. Natasha ankalankhula ndi atate wake, akuoneka wokwiya chabe. Dailesi anali atatsinzina. Manja ake anali atakola malamba a jaketi la Natasha, milomo yake ikugwedera ngati akupemphera. Nkhope imeneyo ndinali nditaionapo kamodzi kokha, ku Katete, pamene ankatsitsa bokosi la amai ake.

Dimba lathu linali kunsi kwa chipupa. Ndinatsetsereka pa udzu, minga ikundibaya, mpaka ndinawapeza atate akumangirira tomato kumitengo.

"Atate, thuthuthu yazima. Madzi yaikokela ku mathithi. Dailesi ali pomwepo."

Atate anasiya tomato pomwepo. Anathamangira kukhola, nkumasula chingwe chachitali chomangira ng'ombe, nkukwera chipupa ine ndili pambuyo. Titafika, Ba Mulenga anali atadumphira kale m'madzi, atagwira mphuno ya thuthuthu ndi dzanja limodzi, akupalasa ndi miyendo kulimbana ndi kukoka kwa madzi. Ankangoichedwetsa, sankaibweza. Atate anamanga nsonga ya chingwe kuchitsulo cha mpanda, nkuvula shati.

"Nisambile ine, Atate, niziwa," ndinatero.

"Iwe gwila apa. Usasiye."

Analowa m'madzi nsonga inayo ataikulunga padzanja. Anthu a kutsidya anali atazindikira tsopano, ndipo amuna angapo ankathamanga pachipupa kubwera kwa ine. Atate atafika, iwo ndi Ba Mulenga anakoleka chingwe pachitsulo cha kumphuno. Tinayamba kukoka. Chingwe chonyowa chinandisupula m'manja koma sindinamve kanthu mpaka pambuyo pake. Thuthuthu inabwera monyinyirika, cham'mbali, mpaka inagunda udzu wa chipupa. Kuchokera pamene inaima kukafika pasimenti paja panali mtunda woti mwana akhoza kuponya mwala nkufikitsa.

Natasha anatsika yekha nkuyamba kulira. Dailesi sanatsike. Zala zake zinali zitauma pamalamba, moti Natasha anachita kuvula jaketi nkulisiya m'manja mwake. Atate anamuwongola chala chimodzichimodzi, nkumunyamula ngati kamwana. Atamukhazika pansi anasanza. Ine ndinamuvula jaketi la lalanje lija. Aka kanali koyamba kuligwira. Linali lolemera ndi madzi, lonunkha nkhungu, ndipo lamba wina anali womangidwa ndi waya.

Ba Mulenga sanabise kanthu. Mmawa mwake, asanabwerere ku Lusaka, anabwera kwathu atanyamula chigubu chofiira chija, nkukhala pampando wa panja moyang'anizana ndi atate ndi amai.

"Mulandu ni wanga," anatero. "Ninanunkhiza, ninaziwa kuti wasila mphamvu, koma ninathila. Munikhululukile."

Atate anati zachitika, ndipo ana ali moyo. Kenaka, monga amachitira amuna akafuna kuthawa nkhani yolemera, anatembenukira kuchigubu. Anathira pang'ono m'botolo loonekera nkuliika padzuwa. Patapita kanthawi, pansi pa botolo panakhazikika timadontho ta madzi ndi tizinyalala, pamwamba pali petulo wofiirira uja. Ba Mulenga anafotokoza kuti chigubu chikakhala chosadzaza, mpweya wa m'katimo umatuluka thukuta usiku kukazizira, madziwo nkumagwera mu petulo, ndipo kutentha kwa malata kumauluza mbali yake imene imayaka msanga. Chotsala chimachita ulimbo umene umatseka timabowo ta kabureta, momwe petulo amadutsa polowa mu injini. Atate anavomera ndi mutu, nati nchifukwa chake iwo amasakaniza wokwana masiku ochepa okha, chifukwa wosakaniza kale akapitirira mwezi umodzi kapena iwiri pampu imayamba mwano.

"Nizamutaila mu mugodi kuseli kwa nyumba," anatero Ba Mulenga.

"Iyayi, pafupi na chitsime paja," anayankha atate. "Musiyeni kuno. Ali na nchito zina."

Atate anachisiya chigubu kuti chikhazikike tsiku lathunthu, nkutsanulira petulo wa pamwamba m'chigubu china kudzera pansalu, mosamala kuti madzi a pansi asatsatire. Ameneyo ankamuthira pang'ono kwambiri mu petulo watsopano wa pampu, kakapu kamodzi m'chigubu chodzaza, ndipo pampu yokalambayo inkamumeza popanda kudandaula. Wa pansi, wa madzi ndi zinyalala, anamusunga m'chitini chotseka kuti akhale wotsukira zitsulo. Amai analamula kuti zonsezi zikhale kuseri kwa khola, kutali ndi mbaula.

Loweruka lotsatira atate anachotsa tcheni cha njinga yawo ya mkaka, chimene chinali chitauma ndi matope a dzinja lonse, nkutipatsa ine ndi Dailesi kuti tichitsuke ndi petulo wa m'chitini uja. Tinakhala pamthunzi kuseri kwa khola, beseni lakale pakati pathu, aliyense ndi kamswachi kotha. Fungo lowawasa lija linatizinga. Dailesi anatembenuzira nkhope kumbali.

"Unali kuyopa," ndinatero.

"Niyopa madzi kuchokela kale. Nthawi zonse nikakwela nimatseka menso mpaka tifike."

Ndinasiya kutsuka. "Nthawi zonse? Manje unali kukwelela chani?"

Anapukuta kachitsulo kamodzi komweko mobwerezabwereza.

"Nikakana, Ba na Natasha sazanitenga," anatero pomaliza. "Nifunika kupita. Kuno nine mulendo."

"Mulendo bwanji? Amai akukonda kupambana ine. Sakukalipila olo kamodzi."

"Ndiye chamene icho." Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. "Iwe akukalipila chifukwa ndiwe wao. Amai anga anali kunikalipila so, mpaka a pa neba anali kuseka. Kuno nikaphwanya mbale anena ati palibe kanthu. Nikamvela akukuitana na ukali, nimafuna nikhale ine."

Ndinatolanso kamswachi kanga. Miyezi yonse ija ndinkagona pabedi limodzi ndi munthu amene ankasirira kukalipiridwa kwanga, ine ndikusirira mpando umene iye ankaukhalira atatsinzina. Tinamaliza kutsuka tcheni. Chinatuluka chowala, ndipo manja athu ananunkha petulo mpaka Lamulungu kutchalitchi.

Ndinasunga mawu akewo masiku angapo, osadziwa ngati ndi anga kuwaulula. Tsiku lina ndikuthandiza amai kusankha tomato wopita kumsika, ndinangowatulutsa onse mmene anandiuzira. Amai anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anapitiriza kusankha, koma ndinaona kuti akuika tomato wabwino pamulu wa woola. Kenaka anadzuka nkupita kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalako nthawi.

Sanasinthe tsiku lomwelo, chifukwa munthu sungayambe kukalipira mwana wa malemu mkulu wako ngati ukuyatsa wailesi. Panapita mwina sabata ziwiri. Tsiku lina masana Dailesi anaiwala kutseka chitseko cha dimba, ndipo thole linalowa nkudya mzere wonse wa repu. Ndinali kuchitsime pamene ndinamva mawu a amai akukwera, mawu aja amene ndinkawadziwa ngati dzina langa, koma dzina limene linkatchulidwa silinali langa.

"Dailesi, mutu wako uli kuti? Uganiza repu imela yeka? Bwela kuno uone zamene wachita."

Ndinathamanga kukaona. Dailesi anali ataima pakati pa dimba, mutu pansi, amai akumuwerengera zolakwa zake zonse kuyambira mbale ya alendo ija, imene ndinadziwa tsiku limenelo kuti sanaiiwale konse. Misozi inkatsika pamasaya pake. Amai atamaliza, anamukankha paphewa nati akatenge khasu akonze zimene wawononga. Akudutsa pafupi nane anapukuta mphuno ndi dzanja, nkundiyang'ana, ndipo m'maso mwake munali chinthu chimene sindinachionepo chifikire kwathu. Amai nawo anatembenuka msanga, akupukuta kumaso ndi chitenje, nkundipeza ine ndaima.

"Naiwe uyang'ana chani? Madzi yaja yazibweletsa yeka?"

Ba na Natasha atabweranso kudzamva yankho, amai anawalandira bwino, nkuwathokoza, nkuwauza kuti mwanayo akhala pakhomo mpaka amalize pulayimale, za kutsogolo zidzaoneka. Anafunsa Dailesi pamaso pawo ngati akufuna kupita. Dailesi anagwada nati afuna kukhala. Ba na Natasha sanakhumudwe, ndipo anapitiriza kugula mkaka kwathu zaka zambiri.

Thuthuthu inakhala kwa makanika ku Lusaka kwa kanthawi, akuitsuka kabureta ndi thanki. Itabwerako, Ba Mulenga ankagula petulo tsiku lomwelo, kusakaniza wokwana ulendo umodzi, ndipo wotsala ankamupatsa atate asanabwerere kutauni. Anamangitsanso chingwe cha migolo yoyandama patsogolo pa mathithi. Loweruka lina anaima pampanda wa dimba lathu.

"Uja mwana wamene anatiwona pa chipupa ali kuti? Abwele akwele."

Amai anakana poyamba, atate anawanyengerera. Ndinavala jaketi lija, lamba wake wa waya akundikanda m'nthiti. Ndikanakonda kulemba pano kuti nditakwera ndinapeza kuti sichinali kanthu, kuti ndinkasirira zachabe. Likanakhala bodza. Chinali chokoma kuposa mmene ndinkaganizira. Mphepo inandilowa m'kamwa, madzi anandimenya kumaso, mitengo ya kumtunda inasanduka mzere umodzi wobiriwira, ndipo ndinakuwa mpaka mawu anandithera. Tikuzungulira cha kudimba kwathu ndinaona Dailesi atakhala pachipupa, miyendo atatambasula, akudya nzimbe. Anandikwezera dzanja. Pankhope pake panalibe kusirira ngakhale pang'ono. Anali ngati munthu amene wamutula katundu.

Lero tonse ndife akuluakulu, ndi ana athu. Dailesi amaphunzitsa kusukulu ina cha ku Kasisi, ndipo mpaka pano sayandikira madzi opitirira m'mawondo. Nsanje sinandithere tsiku lija, sindinganame. Imandigwirabe mnzanga akakwezedwa pantchito kapena akamanga nyumba ine ndikali m'nyumba ya lendi. Chimene ndinatengapo nchakuti nsanje imaona kuchokera kutali, ndipo patali munthu wotsinzina ndi mantha amafanana ndi wotsinzina ndi chisangalalo. Ndikanamufunsa Dailesi mwezi woyamba uja, osati za liwiro la thuthuthu koma za iye mwini, tikanasinthana zimene tinali nazo mosavuta, pakuti aliyense anali atanyamula chimene mnzake ankachisowa. Tsopano mtima ukayamba kundithina chifukwa cha wina, ndimayesetsa kumuyandikira kufikira nditaona nkhope yake bwinobwino. Nthawi zina ndimapeza kuti akusangalaladi, ndipo ndimameza malovu nkumuyamikira. Koma kawirikawiri ndimapeza kuti nayenso wakhala akundiyang'ana.